Mitengo Itatu ya Dera Lonse

Lamulo lake linali losavuta, ndipo Mzime akanatha kulinena ngakhale atamudzutsa kutulo. Nyumba iliyonse yatsopano ya m'dera la kumapeto kwa tauni, isanalumikiziridwe madzi, pamalopo pakhale mitengo itatu yobzalidwa. Mitengo itatu, siginecha ya woyendera wa kukhonsolo, kenako mpopi. Woyenderayo anali iyeyo. Kwawo ankamutchula Mzime chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa, koma m'misewu ya m'deramo anthu ankangoti a Mitengo.

Lamulolo linabwera chifukwa deralo linkakula mosapempha chilolezo kwa munthu. Zaka zisanu m'mbuyomo kunali minda ndi mbuzi. Tsopano munthu ukachokapo masiku atatu, pobwera unkapeza kanjira kako kachidule kasanduka pabalaza pa munthu wina. Mvula ikagwa, madzi ankasowa kolowera, ndiye ankangoyendera nyumba ndi nyumba ngati wogulitsa tomato. Dzuwa likabwera, fumbi linkafika mpaka m'shuga. Akuluakulu a khonsolo atatopa ndi madandaulo, anakakhala pansi kuhotela masiku atatu, ndipo anatulukako ndi zinthu ziwiri: mawu akuti chitukuko chokhazikika, ndi lamulo la mitengo itatu. Kenako analemba ntchito munthu mmodzi wa digiri kuti aziyendera.

Ntchitoyo Mzime ankaikonda. Anagula nsapato zopanda chidendene ndi chipewa chachikulu. Mwini nyumba ankaimba foni dzulo lake kunena nthawi, iye n'kupita, kuwerenga mitengo, kuijambula pafoni, kuloza pamene mwini nyumbayo asaine, n'kusaina nayenso. Chinthu chimene chinkamusangalatsa n'chakuti anthu a m'deramo ankaoneka adongosolo. Sipanapezekepo nyumba ziwiri zofuna nthawi imodzi. Wina ankati naini koloko, wina leveni, wina thu koloko masana, ngati kuti anagwirizana zomupatsa mpata wopuma. Ndipo mitengo yawo inali yathanzi, masamba ake obiriwira ngati opaka mafuta.

M'miyezi khumi ndi inayi anasainira nyumba 163. Abwana ake anachulukitsa katatu n'kulemba m'lipoti kuti deralo lapindula ndi mitengo 489. Nthawi zina Mzime akaima pasiteji ya basi, pamtunda, ankayang'ana deralo n'kuona malata okhaokha akunyezimira mpaka kumene maso ankalekezera. Ankadziyankha yekha kuti mitengoyo idakali yaing'ono.

Chimene chinamutsegula maso sichinali digiri koma foni kudzaza. Tsiku lina masana, ali mu ofesi akudya banzi, anayamba kufufuta zithunzi zakale. Anaona mtengo wa mapeyala wokhala ndi nthambi yokhota ngati chigongono, yomangidwa ndi kawaya ka buluu. Chithunzi chotsatira, nyumba ina, mpanda wina, galu wina, koma chigongono chomwecho ndi kawaya komweko. Anapitiriza kusuntha chala. Kumanzere kwa peyalayo nthawi zonse kunkakhala mango, kumanja gwafa. Atabwerera ku chithunzi choyamba n'kumatsika mofulumira, anaona mitengo itatu ija ikukula bwinobwino pamaso pake, mwezi ndi mwezi, ikungosintha nyumba. Banzi lija analibwezera m'pepala.

M'mawa mwake anali ndi nyumba ya leveni koloko. Anafika m'deramo teni isanakwane. Pakona ya msewu wa kuchigayo anakumana ndi mtengo wa mapeyala ukubwera. Unali chilili mu wilibala, mumgolo wodula pakati, ndipo kumbuyo kwake kunali bambo wachikulire wowonda, thukuta lili kamukamu. Bamboyo anatsitsa wilibala mosamala n'kuvula chipewa.

“Mwafulumiratu lero, a Mitengo.”

Mzime anavomera kuti wafulumiradi.

“Mukanayamba mwakhala pagolosale apo. Mango sanafike.”

Anthu ankawatchula a Wilibala. Anagwirapo ntchito yosamalira maluwa pakampani ina kwa zaka makumi awiri, ndipo sanaone chifukwa chobisira kagwiridwe kawo ka ntchito kwa munthu amene anali kale m'ntchitomo. Anafotokoza kuti pamene pali dothi amakumba maenje atatu n'kulowetsamo migolo, pamwamba n'kuwaza udzu wouma. Pamene pali simenti amazunguliza njerwa, kuthira dothi, udzu pamwamba. A Mitengo akangokhota pakona, iwo amayamba kutulutsa. Ndiwonso ankagawa nthawi zija, chifukwa kuchoka kuchigayo kukafika kumtunda ndi mitengo itatu pamafunika maola awiri. Anati anthu si kuti amadana ndi mitengo ayi, koma mapuloti ndi ang'ono, ndipo pamene pangakhale mtengo pamakhala chipinda. Anafunsanso ngati kukhonsolo sangaganizeko zokonza msewu wa kuchigayo, chifukwa mabampu akuvutitsa gwafa.

Mzime anapita kunyumba ya leveni koloko ija, napereka moni kwa mwini wake, nawerenga mitengo. Inalipo itatu. Anati fomu waiiwala ku ofesi.

Abwana ake anamumvetsera mpaka kumapeto, manja atapinda pamimba. Kumbuyo kwawo kunali satifiketi ya mufelemu imene khonsolo inalandira chifukwa cha mitengo 489 ija. Anamufunsa ngati pa nyumba iliyonse anaonapo mitengo itatu. Iye anati anaiona. Anamufunsa ngati inali yamoyo. Anati inali yamoyo kwambiri. Abwanawo anati ndiye sakuona pamene pali vuto, chifukwa lamulo silinena kuti mtengo usamayende. Anawonjezera kuti achinyamata a masiku ano ali ndi vuto lofuna kuvundukula madzi amene akhala bata, ndipo anamukankhira fayilo ina patebulo kuti akaione Lachinayi.

Fayiloyo inali ya amayi ake.

Amayi ake a Mzime anasoka mayunifolomu a ana asukulu kwa zaka makumi atatu m'nyumba ya lendi ya pakati pa tauni, mpaka anamanga yawo m'dera latsopanolo: zipinda ziwiri, pabalaza, ndi khonde loikapo makina osokera. Anaimanga ndi alamu ake a Mzime, amuna a achemwali ake, mmisiri wodzikhulupirira amene ankaona dothi ngati ntchito yosamalizidwa. Alamuwo anathira simenti bwalo lonse, kuyambira pageti mpaka kuseri kwa bafa, yosalala moti nkhuku ya aneba inkaterereka. Ankabwera ndi makasitomala awo kudzawaonetsa.

Amayiwo anali atakhalamo miyezi inayi opanda madzi. Ankatunga pampopi wa anthu onse kumunsi kwa chitunda, ndowa ziwiri m'mawa, ziwiri madzulo, ndipo maondo awo anali atayamba kulankhula pokwera. Mzime ankabwera Loweruka kudzawadzazira mgolo, koma pofika Lachiwiri unkakhala utatha. Chomwe chinatsala kuti mpopi ulowe pabwalopo chinali siginecha imodzi, ya mwana wawo.

Anayesa kupereka fayiloyo kwa munthu wina, ponena kuti si bwino munthu kuyendera nyumba ya mayi ake. Anamuuza kuti mu dipatimenti yake anthu alimo awiri, iye ndi kabati. Lachitatu achemwali ake anaimba foni. Anayamba ndi kufunsa za moyo, kenako anati zonse alamu ako akonza kale, iwe ungobwera ndi cholembera. Anati wasainira anthu osawadziwa oposa zana, ena mwa iwo ngakhale moni sapereka, ndiye usakayambire chilungamo pa maondo a mayi ako. Achemwaliwo sananame paliponse.

Lachinayi naini koloko anagogoda pageti la kwawo ngati mlendo. Anatsegula ndi alamu ake, atavala shati yopita nayo kutchalitchi.

“Takulandirani, a boma.”

Mitengo inali itafika kale. Inaima pamzere pakati pa bwalo, uliwonse m'kabwalo kake ka njerwa, mango kumanzere, gwafa kumanja. Alamuwo anali atayala mapepala a simenti pansi pa dothilo kuti lisadetse ntchito yawo, ndipo ngodya ya pepala limodzi inkaonekera. A Wilibala anakhala pachidebe kuseri kwa bafa, miyendo yokha ikuoneka. Amayi anali pakhonde, kumbuyo kwa makina, atavala magalasi.

Mzime anawerenga mitengo mokweza, umodzi, iwiri, itatu, ndipo alamu ake ankagwedeza mutu pa nambala iliyonse. Anaijambula. Kenako anakakhala pampando wa pakhonde n'kufunsa amayi ake ngati akudziwa kumene mitengoyo yachokera. Amayiwo anati akudziwa, ndipo sakuona chachilendo. Pa ukwati wa achemwali ake anabwereka mipando makumi asanu ndi mapoto atatu, alendo anakhala, anadya, zinthu zinabwerera kwa eni ake, palibe anamangidwa. Boma ndi mlendo ngati wina aliyense. Likamabwera umakonza pakhomo.

Mzime anatulutsa fomu. Pa nyumba 163 zija ankangoika chala pamzere wa pansi n'kunena kuti sainani apa, ndipo anthu ankasaina maso ali kugeti. Anayang'ana mzerewo, nayang'ana ndowa ziwiri zimene zinali pafupi ndi chitseko, imodzi ili ndi madzi theka. Chala sanachiike.

“Amayi, ndikuwerengereni kaye.”

Alamu ake anati palibe chifukwa, fomu ndi fomu. Amayi anawayang'ana pamwamba pa magalasi, alamuwo n'kuyamba kuyang'ana denga la khonde ngati aonapo podontha.

Mzime anawerenga pang'onopang'ono, ngati mmene amawerengera uthenga wa maliro. Ine mwini nyumba ino ndikutsimikiza kuti mitengo itatu imene ili pamalo anga ndi yanga, ndinaibzala m'nthaka, ndipo ndidzaisamalira kufikira itakula.

Amayi anati abwereze. Anabwereza.

Amayiwo anali munthu amene kasitomala akaiwala batani m'thumba la malaya, ankalisunga m'kabotolo mpaka mwini wake adzabwere, ngakhale patapita zaka. Anavula magalasi, nawapukuta ndi kansalu, nawavalanso. Anati za mipando zija n'zoona, koma palibe anawasainitsa kuti mipandoyo ndi yawo. Anafunsa ngati palibe fomu ina ya anthu obwereka. Mzime anati palibe. Anafunsa ngati madzi angabwere popanda pepalalo. Anati sangabwere. Amayi anayang'ana kumunsi kwa chitunda, kumene mzera wa zigubu unkaonekera patali, ndipo dzanja lawo linapita lokha pabondo.

Alamu anayesa kuthandiza. Anati mawu a pafomu ali ngati mawu a pa paketi ya sopo, palibe amawatsatira. Anati dera lonse lasaina, kuphatikizapo abusa awiri.

“Abusawo akayankha okha,” anatero amayi. “Itanani bambo ali kuseri kwa bafawo.”

A Wilibala anabwera chipewa chili m'manja. Amayi anawapatsa mpando, nawafunsa za kunyumba, kenako anawauza kuti mitengoyo sichoka. Iwo akufuna madzi, ndipo sangasaine bodza, choncho chatsala n'chakuti pepalalo linene zoona. A Wilibala anaganiza kuti sanamve bwino. Anafotokoza mwaulemu kuti mitengoyo ili ndi ulendo wina leveni koloko, kwa aphunzitsi a kumtunda, ndipo thu koloko ikuyembekezeka kwa amayi a saluni. Sabata yamawa yonse ndi yodzaza. Anati mitengo imeneyi si ya munthu mmodzi, ndi ya dera lonse.

Amayi anati dera lonse lakhala nayo chaka ndi miyezi iwiri, ndipo palibe anaipatsa pogona. Anafunsa a Wilibala kuti akuganiza kuti adzaikankha mpaka liti, poti peyalayo wayamba kale kuposa denga la bafa. Anawafunsa za msana wawo. Nkhani ya msana inali yoona, ndipo kunyumba kwa a Wilibala inkakambidwa tsiku lililonse. Bamboyo anavomera kuti mango wakhala akufuna kuchita maluwa kawiri konse, koma maluwawo amayoyokera mumsewu wa kuchigayo. Anati mizu yayamba kuzungulira m'migolo ngati njoka, ndipo akhala akudziwa kuti tsiku lina adzafunika kuipezera malo. Kungoti sankaganiza kuti likhala Lachinayi.

Anakambirana kwa theka la ola, ndipo Mzime sanalowererepo. Anagwirizana kuti amayi asokere adzukulu atatu a a Wilibala mayunifolomu chaka chino ndi chamawa, ndiponso kuti zipatso zoyamba za mtengo uliwonse zidzakhala za a Wilibala. Kenako a Wilibala anaimirira n'kusanduka munthu wina. Anayenda pabwalopo akuponda simenti ndi chidendene. Anati peyala asayandikire mpanda, mango apite pakona ya kumadzulo, gwafa kufupi ndi kumene kudzakhale mpopi. Dzenje lililonse likhale lofika m'chiuno, ndipo mulifupi mwake munthu azitha kugonamo chopingasa. Anatola kachidutswa ka njerwa n'kujambula mabwalo atatu aakulu pa simenti ya alamu.

Alamu anayang'ana mabwalowo ngati munthu amene akuona dokotala akujambula pamimba pake. Anati simenti imeneyo ndi ya mainchesi anayi, yosakaniza bwino, ndipo m'dera lonse mulibe ina yotero. Anati mwina migoloyo ingokhala pamwamba mpaka kalekale, iwo aimangira timakoma tokongola ndi kupaka laimu. Onse anatembenukira kwa Mzime, poti boma linali iye.

“Fomu ikuti m'nthaka, alamu,” anatero. “Ndidikira.”

“Iwe Mzime, ndinakulipirira mayeso a fomu folo ine.”

“Ndiye mwaona kuti ndinaphunzira kuwerenga.”

Piki anakabwereka kwa aneba. Kumenya koyamba alamu anamenya mofatsa, ngati akupepesa, ndipo simentiyo sinasonyeze kuti yamva. Anavula shati ya kutchalitchi ija n'kuipachika pageti. Pofika leveni koloko anali atatsegula dzenje limodzi, ndipo ngakhale ankatukwana chapansipansi, ankaimitsa aliyense wodutsa kuti aone kukhuthala kwa chidutswa chimene chatuluka. Foni ya a Wilibala inalira kanayi. Kachisanu anayankha, nauza aphunzitsi a kumtunda kuti mitengo yapeza banja. Kenako foni ya Mzime inalira, aphunzitsi omwewo, kupempha kuti tsiku loyendera lisinthidwe chifukwa kwagwa zina mwadzidzidzi. Mzime anawafunira zabwino.

Migolo anachita kuidula ndi sowo ya zitsulo, chifukwa mizu inakana kutuluka. A Wilibala sanalole munthu wina kugwira. Anamasula mizuyo ndi zala, akuilankhula motsitsa mawu, ndipo pothira dothi anapempha madzi. Amayi anapereka theka la ndowa lija, Mzime n'kutsika chitunda kawiri ndi nsapato zake za kuntchito. Cha m'ma fili koloko mitengo itatu inali m'nthaka, bwalo likuoneka ngati mwadutsa nkhondo. Amayi anapempha kuti awawerengerenso fomu kachitatu, akuyang'ana mtengo uliwonse pamene mawu ake akutchulidwa, ngati akuyeza malaya pa mwana. Anasaina dzina lonse, ndi zilembo zazikulu. Mzime anasaina pansi pake.

A zamadzi anabwera patapita masabata atatu. Mpopi unayamba ndi kutsokomola, kenako unalavula dothi lofiira, kenako madzi. Amayi anatsegula ndi kutseka kangapo kuti aone ngati sasintha maganizo. Ndowa zija anazitsuka n'kuikamo zidutswa za nsalu.

Kuntchito zinthu zinayenda pang'onopang'ono mwezi umenewo. Nyumba zofuna kuyenderedwa zinatsika kuchoka pa khumi ndi ziwiri kufika pa ziwiri, ndipo abwana anafunsa ngati anthu asiya kumanga. Mzime anati akumanga, kungoti akudikira mitengo. Mu sabata yachisanu anakumana ndi a Wilibala pamsewu wa kuchigayo, mu wilibala muli timitengo titatu tofika m'bondo, tonse pa ulendo umodzi. A Wilibala anavula chipewa n'kunena kuti msana uli bwino masiku ano. Anadandaula pang'ono kuti kuyambira pamene a Mitengo anayamba kuwerengera anthu fomu mokweza, nyumba imodzi mwa zinayi zilizonse imakaniza katundu, makamaka kumene kuli azimayi achikulire, moti ayamba kufesa mbewu zambiri kuseri kwa nyumba yawo.

Gwafa wa kwa amayi anafota mwezi wachiwiri. Anayamba ndi kugwetsa masamba, kenako anangouma chilili, madzi ali pomwepo. A Wilibala atabwera kudzaona anati sakudabwa, mtengowo sunazolowere kukhala malo amodzi. Loweruka lotsatira amayi anamudikirira Mzime pageti, nkhope ili yoti pachitika nkhani. Anati mitengo yatsala iwiri, pepala likunena itatu, ndiye a zamadzi abwera liti kudzadula. Mzime anawauza kuti asadandaule, fayilo ikatsekedwa palibe amabweranso kudzaona.

“Palibe amabweranso?”

“Palibe, amayi.”

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, ngati akufufuza pamene panapita ndalama za sukulu. Kenako anamuuza kuti asakhale pansi, apite kwa a Wilibala akatenge gwafa wina dzuwa lisanakwere, ndipo asankhe amene sanayendepo kwambiri.